Mafunso ndi mayankho: a Eugene Shoemaker, miyala ya mumlengalenga ndi nyenyezi za mchira

Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene ana asukulu ndi makolo awo kuno ku Lusaka amandifunsa kawirikawiri tikamakamba za miyala yoyenda mumlengalenga. Ndawayankha potsata moyo wa a Eugene Shoemaker a ku America, chifukwa zambiri zimene tikudziwa lero pa nkhaniyi zinadutsa m'manja mwawo ndi mwa akazi awo. Ena mwa mafunsowa ndi a mantha, ena ndi a ndalama. Onse ndawatenga mmene anabwerera.

Kodi a Shoemaker anali katswiri wa nyenyezi?

Ayi, anali katswiri wa miyala, maphunziro omwe aja amaphunzitsidwa ku School of Mines pa UNZA. Anabadwa mu 1928 ku Los Angeles. Analowa yunivesite ya Caltech ali ndi zaka 16, n'kutenga digiri yoyamba mu 1947 ndi yachiwiri mu 1948. Chaka chomwecho analembedwa ntchito ku US Geological Survey, bungwe la boma lofufuza miyala, ndipo anatumizidwa kukafunafuna uranium m'zigwa za Colorado ndi Utah. Zida zawo zinali nyundo, kampasi, mapu ndi jombo. Digiri ya udokotala anaitenga ku Princeton mu 1960, atagwira kale ntchito ya m'tchire kwa zaka 12. Telesikopu anaiyamba mochedwa, ali kale munthu wamkulu wa ana atatu.

Nanga munthu wa miyala analowa bwanji m'nkhani za kumwamba?

Analowera pa dzenje. M'chipululu cha Arizona muli chidzenje chozungulira, kukamwa kwake makilomita 1.2, kuya kwake mamita pafupifupi 170. Mu 1891 a Grove Karl Gilbert, yemwe anali mkulu wa akatswiri a miyala a boma, anakachiyendera n'kugamula kuti chinaphulika kuchokera pansi chifukwa cha nthunzi yotentha. Poti analankhula ndi munthu wamkulu, ambiri anangovomera. Amene anakana anali munthu wa migodi, a Daniel Barringer. Iwo anati chinakumba dzenjelo ndi chitsulo chochokera kumwamba, ndipo kuyambira 1903 anakhala akuboola pansi kuti achipeze, achigulitse. Anamwalira mu 1929 ndalama zawo zitathera m'dzenjemo. Pa chimene chinakumba dzenje analondola. Chomwe sanadziwe n'chakuti chitsulo cha mamita pafupifupi 50 chikagunda nthaka pa liwiro la makilomita oposa 10 pa sekondi, chambiri chimasungunuka n'kumwazika pomwepo, sichikhala pansi kudikira wokumba.

A Shoemaker anafika pa dzenjeli atayamba aona china. M'zaka za m'ma 1950 anajambula mapu a mayenje amene anatsala ku Nevada pomwe boma linkayesera mabomba a nyukiliya. Atayenda m'mphepete mwa dzenje la ku Arizona anapeza zizindikiro zomwezo. Miyala yoyalana inali itapindika n'kugwa chagada, yakale imene malo ake ndi pansi ili pamwamba, yatsopano ili pansi, monga khasu limatembenuzira dothi pounda mzere. Phiri lophulika silisiya miyala chotero.

Umboni wotseka pakamwa otsutsa unapezeka mu 1960. Iwo ndi a Edward Chao anapeza m'miyala ya m'dzenjemo mchere wa m'nthaka wotchedwa coesite. Umenewu ndi quartz, yomwe ija imapanga mchenga wamba, koma itafinyidwa ndi mphamvu yoposa imene kuphulika kwa phiri kungatulutse. Kufikira nthawiyo coesite inkadziwika yopangidwa m'labotale mokha. Kenako anapita ku Germany, ku chigwa cha Ries cha makilomita 24, chomwe anthu ankati ndi cha phiri lophulika, ndipo anaipezanso. Tchalitchi chachikulu cha tauni ya Nördlingen, imene ili m'kati mwa chigwacho, chinamangidwa ndi miyala yomweyo yophwanyidwa ndi chinthu chochokera kumwamba. Anthu anapemphereramo zaka mazanamazana osadziwa.

Zitatero, mayenje onse aja timawaona pa Mwezi anayamba kuwerengedwa mwatsopano. Ngati anakumbidwa ndi miyala yogwa, ndiye kuti malo a mayenje ambiri ndi akale, a mayenje ochepa ndi atsopano. Njira imeneyi yodziwira zaka za nthaka ya Mwezi ndi Mars ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Ndiye mayenje a kuno ku Lusaka nawonso anakumbidwa ndi miyala yakumwamba?

Ayi. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa mwala wa laimu umene madzi amaudya pang'onopang'ono, n'chifukwa chake nthaka imatha kutitimira yokha. Mayenje ena, monga a ku Misisi, ndi a anthu okumba miyala yomangira. Kuzungulira kokha si umboni. Pamafunika miyala yofinyidwa ija. Mayenje otsimikizika alipo m'Africa muno: Tswaing pafupi ndi Pretoria, Bosumtwi ku Ghana lomwe lero ndi nyanja, ndi Vredefort ku South Africa, la zaka mabiliyoni awiri, limene ndi lalikulu kuposa onse odziwika padziko.

Kodi asteroid ndi nyenyezi ya mchira zimasiyana pati?

Zonse ndi zotsalira za nthawi imene Dzuwa ndi mapulaneti zinkapangika, zaka mabiliyoni 4.6 zapitazo. Asteroid ndi mwala kapena chitsulo, ndipo ambiri amazungulira Dzuwa pakati pa Mars ndi Jupiter. Wamkulu wawo, Ceres, amene a Giuseppe Piazzi anamuona pa 1 Januwale 1801, ndi wa makilomita pafupifupi 940, koma ochuluka ndi ang'onoang'ono. Nyenyezi ya mchira, imene asayansi amaitchula kuti comet, ndi madzi oundana osakanikirana ndi fumbi, ndipo imachokera kutali, kupitirira Neptune. Ikayandikira Dzuwa imatenthedwa, n'kutulutsa mpweya ndi fumbi zimene timaziona ngati mchira. Mchirawo suloza kumene nyenyeziyo yachokera, umaloza kutali ndi Dzuwa, moti pobwerera mchira ndiwo umatsogola.

Malire ake si akuthwa kwenikweni. Pali ma asteroid amene amatulutsa fumbi, ndipo pali nyenyezi za mchira zimene madzi ake anatha, zikungoyenda ngati miyala yakuda.

Kodi anapita ku Mwezi?

Ali moyo, ayi, ngakhale ndicho ankalakalaka kuyambira unyamata wawo. Anayambitsa nthambi yofufuza miyala ya kunja kwa dziko lathu ku US Geological Survey, n'kuikhazika ku Flagstaff, koma mu 1963 anapezeka ndi matenda a Addison, ndipo khomo la ulendo linatsekeka. Anatsala n'kuphunzitsa anthu amene anapitawo. Ankawatengera ku dzenje lija kukawaonetsa mwala woyenera kutola ndi woyenera kusiya, ndipo ndiwo anatsogolera gulu loona za miyala pa maulendo oyamba a Apollo. Katswiri wa miyala yekhayo amene anaponda pa Mwezi ndi a Harrison Schmitt, mu 1972.

Mayi Carolyn Shoemaker anali wongothandiza amuna awo?

Funso limeneli limandinyansa pang'ono, koma limabwera nthawi zonse. Mayiwa anakwatiwa mu 1951, analera ana atatu, ndipo maphunziro awo anali a mbiri yakale ndi ndale, osati sayansi. Ntchito ya kumwamba anaiyamba mu 1980 ali ndi zaka 51, ana atakula. Pomwalira mu 2021 anali atapeza nyenyezi za mchira 32 ndi ma asteroid mazanamazana.

Kusaka kumeneku a Shoemaker anakuyamba mu 1973 pamodzi ndi a Eleanor Helin, pa nthawi imene ankaphunzitsa ku Caltech. Ankagwiritsa ntchito telesikopu yaing'ono ya masentimita 46 pa phiri la Palomar, yomwe akatswiri otchuka sankailimbirana. Kachitidwe kake kanali kotere. Usiku wopanda mwezi amajambula kachigawo ka thambo pa filimu. Pakapita pafupifupi ola limodzi amajambulanso pomwepo. Mafilimu awiriwo akatsukidwa amaikidwa pa makina oonera ndi maso onse awiri, diso lililonse filimu yake. Nyenyezi zenizeni sizisuntha, ndiye zimaoneka zitagona pa malo amodzi. Koma kadontho kamene kasuntha pang'ono pakati pa zithunzi ziwirizo kamaoneka ngati kayandama pamwamba pa zinzake. Filimu imodzi imakhala ndi timadontho masauzande ambiri, kuphatikiza fumbi ndi mikwingwirima zonamiza diso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito ya Mayi Carolyn inali yomweyo, maola ndi maola atawerama pa makinawo. Amuna awo ankadziwa chifukwa chosakira, koma diso lopeza linali la mayi.

Shoemaker-Levy 9 imene imatchulidwatchulidwa inali chiyani?

Inali nyenyezi ya mchira yachisanu ndi chinayi mwa zobwerabwera zimene banjali linapeza pamodzi ndi a David Levy. Anaijambula mu Malichi 1993, usiku wa mitambo, pa mafilimu amene anali atawonongeka pang'ono ndi kuwala, omwe wina akanangowataya. Mayi Carolyn anaona chinthu chosazungulira, chotalika ngati chapondedwa. A Jim Scotti atachiyang'ana ndi telesikopu yaikulupo ku Kitt Peak anapeza kuti ndi zidutswa zambiri zitandandalikana pa mzere. Masamu anaonetsa kuti nyenyeziyo inkazungulira Jupiter, osati Dzuwa, kuti mu Julayi 1992 inadutsa pafupi kwambiri mpaka mphamvu yokoka ya Jupiter inaing'amba, ndiponso kuti ikukagunda.

Kuyambira pa 16 mpaka pa 22 Julayi 1994 zidutswa 21 zinagwera pa Jupiter chimodzichimodzi, pa liwiro la makilomita 60 pa sekondi. Chachikulu, chomwe anachipatsa chilembo G, chinasiya chipsera chakuda chofanana kukula ndi dziko lathu lonse. Aka kanali koyamba anthu kuona zinthu ziwiri za mumlengalenga zikugundana, tsiku lake atalidziwiratu. A Shoemaker anali atakhala zaka 30 akunena kuti kugunda kotere si nkhani yamakedzana yokha, ambiri n'kumangogwedeza mutu mwaulemu. Pambuyo pa sabata imeneyo ndalama zosakira zinayamba kupezeka, ndipo mu 1998 NASA, bungwe la boma la America loona za mumlengalenga, inapatsidwa ntchito yopeza ma asteroid 90 mwa 100 alionse a kilomita imodzi kapena kuposerapo amene amayandikira dziko.

Kodi tiziopa? Pa WhatsApp pamayenda mauthenga oti dziko litha.

Musaope, koma musanenenso kuti ndi nthano. Mwala wa makilomita pafupifupi 10 unagwa ku Chicxulub ku Mexico zaka mamiliyoni 66 zapitazo, ndipo nyama zambiri zinatheratu, kuphatikizapo ma dinosaur. Zoterezi zimatalikirana zaka mamiliyoni ambiri, ndipo miyala yaikulu yoyandikira dziko pafupifupi yonse inapezeka kale. Palibe umene ukulunjika kuno m'zaka 100 zikubwerazi. Yovuta ndi yapakatikati. Wa ku Tunguska ku Russia mu 1908 unagwetsa nkhalango ya masikweya kilomita pafupifupi 2,000. Wa ku Chelyabinsk, ku Russia komweko, pa 15 Febuluwale 2013 unali wa mamita 20 okha, palibe anauona ukubwera chifukwa unachokera mbali ya Dzuwa, ndipo anthu pafupifupi 1,500 anavulala. Ambiri anachekedwa ndi magalasi: anathamangira pa windo kukaona kuwalako, kenako mphepo ya kuphulika n'kufika. Mukadzaona kuwala kotero masana, chokani pa windo.

Mauthenga a pa foni amakonda kutola nambala yoyamba n'kusiya yomaliza. Asteroid akangopezeka kumene, njira yake imadziwika mwachisawawa, ndiye mwayi wogunda umatha kuoneka waukulu. Kumayambiriro kwa 2025, wotchedwa 2024 YR4 anafika pa 3 peresenti yogunda dziko mu Disembala 2032. Atamuyezanso kwa masabata angapo, nambalayo inatsika mpaka pafupifupi ziro. Uthenga woyamba unazungulira magulu onse a mpingo ndi a pabanja. Wachiwiri sindinauone n'komwe.

Kuno kwathu zinachitikapo chapafupi. Pa 2 Juni 2018 telesikopu ya ku Arizona inaona kamwala kakang'ono, 2018 LA, kutatsala maola ochepa kuti kafike. Madzulo omwewo kanaphulika pamwamba pa Botswana, ndipo zidutswa zake zinakatoledwa ku Central Kalahari Game Reserve. Zangati zomwezi zinachitika ku Sudan mu Okutobala 2008.

Wamkulu atapezeka akubwera, pali chochita?

Chilipo, ngati wapezeka zaka zambiri nthawi isanakwane. Pa 26 Seputembala 2022 chombo cha DART chinagunda dala kamwala kotchedwa Dimorphos, ndipo nthawi imene kamatenga pozungulira mnzake Didymos inafupika ndi mphindi zoposa 30. Kumukankha pang'ono akadali kutali n'kokwanira kuti adzaphonye. Ndiye chifukwa chake kusaka ndiko kofunika kuposa zida.

Nanga za Apophis mu 2029 n'zoona?

Zoona kuti adzadutsa, zabodza kuti adzagunda. Pa 13 Epulo 2029 mwala wa mamita pafupifupi 340 umenewu udzadutsa makilomita 32,000 kuchokera pa nthaka, pansi pa masetilaiti amene amatitumizira TV. Udzaoneka ndi maso, ndipo Africa ili m'gulu la malo amene kudzakhale kuli usiku pa nthawiyo. Mvula imakhala ikutha mu Epulo, choncho mwayi tili nawo.

Ndatola mwala wakuda wolemera kumunda ku Chongwe. Ungakhale wochokera kumwamba? Ungagulitsidwe zingati?

Musayambe mwawerengera ndalama. Pa miyala imene anthu amabweretsa, pafupifupi yonse imakhala ya pansi pompano: mwala wachitsulo wa m'nthaka yathu yofiira, kapena zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi mkuwa, zomwe dziko la migodi ngati lathu lili nazo paliponse. Yesani izi. Mwala wakumwamba umalemera kuposa mmene ukuonekera, maginito amaugwira, ndipo ukakhala watsopano umakhala ndi kakhungu kakuda kopyapyala kamene kanapsa polowa mumpweya. Ukakhala ndi timabowo ta thovu, ndi wa m'ng'anjo. Ukhwekhwezeni kunsi kwa kapu yadothi, pamene sipanapakidwe: ukasiya mzere wofiirira kapena wakuda bii, ndi mwala wachitsulo wamba. Ukapambana mayeso onsewa, lembani malo enieni pamene munautola, musauphwanye, musautsuke ndi mankhwala, ndipo kauonetseni ku dipatimenti ya geology pa UNZA kapena ku Geological Survey Department. Wina akakuuzani kuti mupereke kaye ndalama kuti akupezereni wogula wakunja, dziwani kuti mwakumana ndi tsizinamtole.

Wofuna kuona weniweni, wapafupi ndi wa ku Mbozi ku Tanzania, mukangowoloka malire a Nakonde kulowera ku Mbeya, wolemera matani pafupifupi 16. Wa ku Hoba ku Namibia, wa matani 60, ndiwo waukulu kuposa yonse yodziwika.

Mwana wanga akuti akufuna ntchito imeneyi. Ayambire pati, ndipo adzadya chiyani?

Funso lachiwirilo ndi loyenera, amayi ndi abambo, musachite nalo manyazi. Malo a ntchito yofufuza ma asteroid okhaokha ndi ochepa padziko lonse, ndipo njira yake ndi yaitali: digiri yoyamba, yachiwiri, ya udokotala, kenako zaka za makontrakiti afupiafupi munthu asanakhazikike. Sindingalangize mwana kuti atsekere njira zina zonse chifukwa cha iyi.

Koma onani pamene a Shoemaker anayambira. Anayamba ndi kufufuza miyala ya migodi, ndipo luso lowerenga miyala yoyalana ndilo linawatengera ku Mwezi. Mwana wa ku Matero kapena ku Chawama amene walimbikira masamu, physics ndi chemistry angathe kuphunzira geology kapena physics pa UNZA kapena physics pa Copperbelt University. Akalephera kupitirira, digiri imeneyo ili ndi msika ku migodi, ku zamadzi ndi m'kalasi. Akapitirira, khomo lapafupi ndi South Africa, komwe kuli pulogalamu ya NASSP ya maphunziro apamwamba a zakuthambo. Zambia ilinso m'gulu la mayiko a mu Africa ogwirizana pa telesikopu ya SKA, ndipo achinyamata a kuno akhala akuphunzitsidwa kudzera mu pulogalamu ya DARA. Aphunzirenso kulemba mapulogalamu a pa kompyuta, makamaka Python, chifukwa ntchito imene Mayi Carolyn ankagwira ndi diso lero imagwiridwa ndi kompyuta, ndipo wofunika ndi amene amadziwa kuilamula.

Safunika kudikira digiri kuti alaweko. Bungwe la International Astronomical Search Collaboration limatumiza kwaulere zithunzi za matelesikopu a ku Hawaii kwa magulu a ana asukulu kuti asakemo timadontho tosuntha. Pamafunika laputopu imodzi, intaneti yokwana kutsitsa zithunzi, ndi mphunzitsi mmodzi wosatopa. Timaseka a Edward Makuka Nkoloso, mphunzitsi wa kuno amene ankafuna kutumiza anthu ku Mwezi, ndi migolo yawo yophunzitsira ya mu 1964, koma chimene anasowa iwo, njira yeniyeni yolowera, ana a lero ali nacho.

Ndinamva kuti anaikidwa m'manda pa Mwezi. Si bodza limenelo?

Lili ndi choonadi chake. A Shoemaker anamwalira pa 18 Julayi 1997 pa ngozi ya galimoto pa msewu wafumbi wa Tanami ku Australia, ali pa ulendo wofufuza mayenje. Mayi Carolyn anavulala kwambiri koma anapulumuka. Wophunzira wawo wakale, a Carolyn Porco, anakonza zoti kaphulusa kochepa ka thupi lawo kaikidwe m'chombo cha Lunar Prospector. Chombocho chitamaliza ntchito chinagwetsedwa dala pafupi ndi kumwera kwenikweni kwa Mwezi pa 31 Julayi 1999. Chombo china chotchedwa dzina lawo, NEAR Shoemaker, chinatera pa asteroid Eros mu Febuluwale 2001, ndipo chinali choyamba kuchita zimenezo.

Popanda telesikopu, ndingaone chiyani kuchokera ku Lusaka?

Zimene timati nyenyezi yathothoka ndi timchenga tikupsa mumpweya, ndipo tambiri ndi fumbi losiyidwa ndi nyenyezi za mchira. Nthawi yabwino kwa ife ndi pa 5 ndi 6 Meyi, m'bandakucha, kuyang'ana kum'mawa. Pamenepo dziko limadutsa m'fumbi la nyenyezi ya Halley, imene inaoneka mu 1986 ndipo idzabweranso mu 2061. Thambo la Meyi limakhala loyera, mvula itatha, utsi wa lupsa usanayambe. Fumbi lomweli timalidutsanso cha pa 21 Okutobala, koma mwezi umenewo kumakhala chifunga cha utsi. Za pa 13 ndi 14 Disembala ndiye zochuluka, zochokera kwa asteroid Phaethon, kungoti mitambo ya dzinja imatimana kawirikawiri.

Nyenyezi za mchira zowala sizipangana tsiku. Ya McNaught inaoneka bwino kumwera kuno mu Januwale 2007, ndipo ya Tsuchinshan-ATLAS, imene telesikopu ya ku Sutherland ku South Africa inathandiza kupeza, inaoneka mu Okutobala 2024. Agogo ena akaiona amati ndi malodza. Musakangane nawo, afunseni chaka chimene anaona yawo, mwina mupeza kuti inali Ikeya-Seki ya mu 1965. M'tauni kuwala kwa magetsi kumaphimba zambiri, choncho tulukani cha ku Chongwe kapena ku Kafue, kapena dikirani usiku umene magetsi athima m'komboni monse. Foni ikhale m'thumba kwa mphindi 20 kuti maso azolowere mdima, ndipo mu Meyi musaiwale juzi.